Vinyo wa Kutsindwi

Kwathu ku Lifidzi chinthu chofunika sitinkachibisa m'bokosi. Tinkachipachika kutsindwi, pamwamba pa moto, poti utsi uzichipeza tsiku ndi tsiku. Chimanga cha mbewu chinkakhala kumeneko kuti anankafumbwe asachiboole, chikwatu cha mfutso chimodzimodzi. Ndiye atsibweni anga, alongo awo a amayi, atapatsidwa galafa la vinyo ndi wansembe wachipwitikizi, sanavutike n'kufunsa munthu poliika. Analimanga luzi m'khosi n'kulipachika choimirira pakati pa ngala za chimanga, m'nyumba yawo yophikira. Nthawi imeneyo n'kuti ine ndisanathe msinkhu. Pamene ndinkakwatiwa botololo linali likadali pomwepo, lakuda bii ndi mwaye.

Atsibweni anali ndi ngolo ya ng'ombe, ndipo ndiwo ankatutira ansembe miyala ndi njerwa. Wansembe uja, nkhalamba ya ndevu zoyera, pobwerera kwawo kukapuma anawaitana n'kuwapatsa galafalo. Mawu amene ananena tonse tinkawadziwa pamtima, chifukwa atsibweni ankawabwereza kwa aliyense amene wakhala pansi pakhomo pawo, akutsanzira Chinyanja chokhotakhota cha mzunguyo: "Uyu si mowa wanu wa masese, wofulula lero mawa wasasa. Uyu akakalamba ndiye akoma. Sungani, mudzatsegule tsiku lalikulu."

Masiku aakulu ankabwera n'kumapita. Mwana wawo woyamba anakwatira, galafa osatsika. Chaka china mbatata ya kachewere inabereka mpaka ngolo inathyoka gudumu panjira ya ku Kalomwe, anthu nati lero ndiye timwa za Azungu, koma atsibweni anangoyang'ana kutsindwi n'kunena kuti, "Asiyeni agogowo, sanakhwime." Ankalitchula choncho, agogo. Anali munthu wa nthabwala, wa fodya wa m'mphuno, woseka mpaka kupukuta misozi. Ana tinkawakwera pamsana ngati kuti sindiwo mwini mbumba. Ine ndiye anachita kundilera ngati wawo.

Anandilera chifukwa bambo anga anamwalira ndili wamng'ono. Anali mkamwini pamudzi pathu, kwawo kunali kutsidya kwa malire, ku Dedza. Tsiku lina anamwa mowa wa dima kumunda kwa atsibweni, mimba n'kutupa, ndipo pasanapite nthawi anatisiya. Abale awo atabwera kumaliro sanadye kanthu. Pochoka analankhula mokweza, kuti aliyense amve, kuti mbale wawo anachita kumudyetsa. Dzina sanatchule, koma nanga mowawo unali wa yani? Nkhani imeneyi pakhomo pathu sinkakambidwa, ngakhale monong'ona. Chimene ndinkangoona ine ndi mmene atsibweni ankaperekera mowa kwa mlendo. Mwambo wathu ndi wakuti mwini mowa ayambe walawa yekha anthu akuona, timati kuchotsa ufiti, ndipo ambiri amangonyowetsa mlomo. Atsibweni ayi. Ankamwa kwenikweni, kholingo likukwera n'kutsika, maso ali pa mlendoyo, kenako n'kupukuta mlomo wa chikho ndi chikhatho n'kupereka ndi manja awiri.

Amuna anga anali a ku Domwe. Anaphunzira shikola kwa ansembe, n'kupeza ntchito ya ulembi ku posto, kuofesi ya boma la Apwitikizi. Izi zinali zaka zochepa ufulu usanabwere, nkhondo tikungoimva kutali. Ankabwera Loweruka panjinga, Lolemba m'mawa n'kubwerera chisanu chikuwaluma makutu. Masiku enawo ndinkakhala ngati mbeta, mwana kumsana, dimba ndekha. Boma linawapatsa kanyumba ka njerwa kuseri kwa posto, ka simenti pansi ndi zenera lagalasi. Ndinakaona kamodzi kokha, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yozira m'nyumba inandinyansa. Ndinkafuna chitengwa. Ndinkafuna atsibweni alole kuti ndichoke pamudzi pathu ndikakhale kwa amuna anga, ndipo ndinkachifuna mpaka kusowa nacho tulo. Iwo ankangozengereza mwanthabwala zawo zija. "Mkamwini wa Loweruka lokha tingamudziwe bwanji? Timuone kaye," ankatero.

Ku postoko kunali sekeretaliyo, Mpwitikizi wowonda, wosakwatira, amene bambo wake anali ndi minda ya mphesa kwawo. Munthuyo ankasowa wocheza naye. Akaweruka ankaitana amuna anga pakhonde pake, n'kundandalika magalafa amene abale ake ankamutumizira, kuwaphunzitsa kulawa vinyo. Osati kumwa, kulawa. Amuna anga ankalimbikira pa kusiyana kumeneku ngati ndi katekisimu. Pamafunika kopo lagalasi la mwendo umodzi, ankatero, ndipo umagwira kumwendoko kuti dzanja lisafunditse vinyo. Umalikweza kudzuwa uone mtundu: wachaka chino amafiira kwambiri, wokalamba amayamba kutuwira m'mbali kukhala ngati njerwa. Umazunguza, n'kulowetsa mphuno. Umamwa pang'ono, n'kuchukucha m'kamwa, n'kukoka kamphepo m'mano. Pomaliza umalavula m'beseni, chifukwa wolawa akamameza, magalafa otsatirawo sawamvanso.

Loweruka lililonse ndinkamva zimenezi. Mudzi wonse unkamva, poti amuna anga sankadziwa kutseka pakamwa pa chinthu chimene chawasangalatsa. M'nyumba mwathu ankayeserera ndi thobwa. Ankalikweza kuwindo, kulizunguza, kulinunkhiza atatsinzina. Ine ndinkafunsa, ndikuwaitana ngati bwana wachipwitikizi, kuti, "Nanga mwamva chiyani, asinyolo?" Iwo amvekere, "Ndamva mawere a chaka chatha, nkhuni za mtengo wa pichesi, ndiponso mkazi waukali." Ndinkaseka mpaka m'nthiti kuwawa. Ndinkawakonda amuna aja, ndi zachibwana zawo zomwezo.

Amayi okha ndiwo sanaseke. Tsiku lina anawaona pakhonde akununkhiza thobwa, ndipo poti munthu salankhula ndi mpongozi wake maso ndi maso, anandiitanira ine kuseri kwa nkhokwe. "Kodi apongoziwa ali ndi chimfine? Chakudya cha anthu sanunkhiza. Wonunkhiza ndi galu, kapena munthu amene akuti mwamuikira kanthu." Ndinakawauza amuna anga. Anaseka, nati zimenezo ndi za kumudzi, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Titakolola, m'mwezi wa chisanu, atsibweni anatumiza mawu akuti ankhoswe abwere. Achimwene awo a amuna anga, amene anali nkhoswe yawo, anafika kuchokera ku Domwe ndi tambala kukhwapa ndi khasu latsopano. Amuna anakhala pamipando pansi pa mtengo wa pichesi pabwalo la atsibweni, dzuwa litakwera ndithu. Ife akazi tinayala mphasa chapatali pang'ono, pafupi ndi nkhokwe, pomwe tinkamva zonse koma osaoneka ngati tikumvetsera. Nkhani inayenda bwino. Atsibweni anawaseka amuna anga kuti manja awo ndi osalala ngati a sisitere, ndipo onse anaseka, amuna anganso. Kenako atsibweni anaimirira n'kulowa m'nyumba yophikira.

Tinamva akutsokomola m'katimo. Anatuluka mwaye uli m'mutu ndi m'mapewa, atafukata galafa lija ngati khanda. Amayi analuluta. Ine misozi inangoti mbwe, chifukwa chinthu chimene sanachitsitse pa ukwati wa mwana wawo wobereka okha anachitsitsira ine.

"Agogo akhwima," anatero atsibweni. "Mwana uyu ndinamulera ndekha. Ngati ndi zoti achoke pakhomo pano, tsiku lalikulu lija ndi lino. Timwe kaye, mawu anga ndinena tikamwa." Anatembenukira kwa amuna anga akumwetulira. "Akamwini, inu mumadya ndi Azungu. Mutiuze ngati padiri, wansembe uja, sanandinamize."

Analipukuta ndi chiguduli. Chitsekerero chinali chitauma n'kufota, moti atachikhudza ndi mpeni chinangonyenyeka. Anaitanitsa msomali n'kukankhira zotsalazo m'kati. Ndinayang'ana amuna anga, ndinaona pakamwa pawo patakhota. Fungo linafika mpaka pamphasa pathu, lowawasa ngati la matsukwa a mphale. Ife sitinadabwe. Palibe mmodzi wa ife amene anali atalawapo vinyo, poti wa pa Misa ankamwa ndi wansembe yekha, ndiye tinangoti zinthu za Azungu zimanunkha choncho.

Atsibweni anathira m'chikho. Anadontheza pang'ono pansi, ngakhale anali Mkatolika wa kolona m'khosi, kenako anamwa monga mwa masiku onse, kholingo likuyenda, maso ali pa mkamwini wawo. Nkhope sinasinthe, maso okha ndiwo analengeza misozi. "Eee, ndi waukali," anatero monyadira. Anapukuta mlomo wa chikho n'kupereka ndi manja awiri.

Amuna anga sanalandire.

"Pepani apongozi, m'chikho sindingaone bwino. Mundidikire pang'ono." Ananyamuka, ulendo wa kunyumba kwathu, pafupifupi kuthamanga. Manja a atsibweni anatsala m'malere, chikho chili momwemo. Anachigwira choncho kanthawi, kenako anachiika pansi pafupi ndi phazi lawo. Achimwene aja anatola kamtengo n'kuyamba kulembalemba pansi.

Amuna anga anabwerako ndi kopo lawo la mwendo umodzi, mphatso ya sekeretaliyo, lokulungidwa m'kansalu. Anatenga galafa n'kudzithirira okha. Anakanda pepala la pagalafapo ndi chikhadabo, nawerenga, nagwedeza mutu ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakale. Kenako anakweza kopolo kudzuwa. Vinyoyo sanali wofiira, anali ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo tizidutswa ta chitsekerero tinkayandama pamwamba. Analiyang'ana mbali iyi, nalipendeka, naliyang'ananso mbali inayo. Ine ndinkadziwa kuti akuona mtundu. Koma pabwalo lonse lija ndinali ndekha wodziwa zimenezo. Ena onse ankaona mkamwini amene wakana chikho cha mwini mbumba, wabwera ndi chake, ndipo akufufuza m'chakumwa kuti aone chimene amuikira.

Ndinatsokomola. Sanamve. Ndinatsina mwana ali kumsana kuti alire, ndipo analiradi, mwana wosalakwa, koma bambo ake anali atatsinzina kale, mphuno ili m'kopo. Ananunkhiza nthawi yaitali. Anachotsa mphuno, nazunguza, nanunkhizanso. Amayi anakoka chitenje n'kufunda kumutu.

Mumtima ndinkangoti, mezani, abambo inu, mezani, ngakhale akhale wowawa ngati ndulu, mezani. Anamwa pang'ono. Anachukucha m'kamwa, phokoso lake tonse tikulimva, nakoka kamphepo kaja m'mano. Ndiye anapendeka mutu n'kulavula pansi, pabwalo losesa bwino, pafupi ndi mapazi a atsibweni.

Nkhuku ina inathamangira pomwepo n'kuyamba kujompha. Zoona, tonse tinayang'ana nkhukuyo. Aliyense ankadikira kuona ngati igwe. Inajompha, inapukuta mlomo pansi, n'kumapita.

Amuna anga sanaone nkhuku, sanaone amayi, sanaone kanthu. Analankhula mofatsa, ndi chisoni chenicheni, mawu a munthu amene akuthandiza. "Pepani apongozi. Padiri sanakunamizeni, anakupatsani vinyo wabwino kwambiri, dzina lake ndaliona. Koma anawonongeka kalekale, wasasa, wasanduka vinagiri. Vinyo amafuna pozizira, pamdima, galafa litagona chammbali kuti chitsekerero chisaume. Inu munamuika pamoto. Uyu munthu sangamwe."

Munthu sangamwe, pamene atsibweni anali atangomwa kumene tonse tikuona.

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Thupi lonse linatentha, chisanu chija osachimvanso. Ndinachita manyazi ndi amuna anga, munthu wophunzira, wowerenga makalata a boma, koma wosatha kuwerenga nkhope za anthu amene akhala naye pansi pa mtengo umodzi. Ndipo pansi pa manyazi amenewo panali ena. Ndinachita manyazi ndi galafa lija, ndi mwaye unali m'mutu mwa atsibweni, ndi ife tonse amene tinakula tikuyenda monyang'ama pansi pa chinthu chowola n'kumachitcha agogo. Ndinkafuna kuwamenya amuna anga ndi chikuni, komanso ndinkadziwa kuti sakunama.

Atsibweni anafunsa motsitsa mawu, opanda ukali ngakhale pang'ono. "Mwayang'ana m'menemo, akamwini. Mwaonamo chiyani?"

"Mtundu wake, apongozi. Wokalamba bwino amayenera..."

"Mwanunkhiza. Mwamva chiyani?"

Apa achimwene aja anawagwira amuna anga pabondo kuti asayankhe.

"Tandipatsani," anatero atsibweni. Analandira kopo lija, analigwira ndi dzanja lonse monga timagwirira chikho, n'kumwa zonse, ndi tizidutswa tomwe. Anatola chikho chija pansi n'kumaliza. Anathiranso, namwanso. Sanapatse munthu wina aliyense. Ine sindinathe kupirira. Ndinayenda chogwada kuchoka pamphasa mpaka pamapazi awo, mwana akulirabe kumsana.

"Atsibweni, ndipatseniko nane."

"Ayi mwanawe, ungadwale. Uli ndi woyamwa."

Galafa litatha analiimika pansi, naika manja pamaondo. "Tiyeni tidikire pang'ono," anatero, "alendo aone ngati ndigwe."

Tinadikiradi. Nanga tikanatani? Tambala wa chitengwa uja ankapalapata pansi, miyendo ili yomanga. Kutali wina ankasinja. Achimwene aja anayamba kupepesa, koma atsibweni anangokweza dzanja, iwo n'kuleka. Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Pomaliza atsibweni anatulutsa fodya wawo, nafwenkha, napukuta mphuno.

"Mawu anga aja ndi awa. Mutengeni. Ngati mufuna ngolo ilipo, mawa lomwe lino. Pakhomo pano panafa kale mkamwini mmodzi, sindifuna kumvanso za wachiwiri." Anaimirira n'kulowa m'nyumba.

Chimene ndinkachilira chija ndinapatsidwa. Palibe analuluta.

Titafika kunyumba kwathu amuna anga anali akadali odabwa. Ankaona kuti china chalakwika, koma ankaganiza kuti atsibweni akhumudwa chifukwa cha vinyo wawo. Za bambo anga ankangodziwa kuti anamwalira ndi m'mimba, poti nkhani ija ngakhale ine ndinali ndisanaitulutsepo pakamwa. Ndinawauza tsiku limenelo, ndipo sindinawauze mwaulemu. Ndinkaponya mbale m'dengu ndikulankhula, imodzi mpaka inasweka. Nditamaliza anakhala pansi, padothi penipeni, thalauza lawo la kuofesi lomwelo.

"Koma anandifunsa okha kuti ndiwauze," anatero.

"Anakupatsani chikho. Munthu akakupatsa chikho umamwa. Zinazo mukanandiuza ine kuno."

"Sindinaganize n'komwe za mankhwala. Mulungu akudziwa."

"Mulungu akudziwa, koma sanali pabwalo paja kuti awafotokozere anthu."

Anagwira kumutu. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsa kwambiri.

M'mawa mwake ngolo inabwera, woyendetsa anali mwana wawo wa atsibweni. Eni akewo anali atalawirira kudimba. Amayi anandithandiza kukweza mitsuko ndi mtondo osandiyang'ana kumaso. Akazi anzanga amene ndinkawauza pachitsime kuti tsiku lochoka ine mudzavina mpaka fumbi, ankasuzumira m'makonde mwawo. Ndinakhala pamwamba pa katundu nditawerama njira yonse. Titafika ku Domwe ndinavula nsapato n'kuponda simenti ija, ndipo inali yozizira kwambiri.

Amuna anga sanali munthu wouma mtima. Sabata yotsatira anabwerera ku Lifidzi ndi achimwene awo, atakoka mbuzi, kukapepesa. Atsibweni anawalandira bwino, anati palibe mlandu, anawasekanso za manja osalala zija. Amuna anga anabwerako atapepukidwa, nati zatha. Ine ndinafunsa ngati anawapatsa chakumwa. Anati ayi, mowa kunalibe tsiku limenelo.

Sekeretaliyo uja atamva nkhaniyi akuti anaseka mpaka kugwira chipupa. Pambuyo pake anawapatsa amuna anga galafa lina, losungidwa bwino, kuti akawapatse atsibweni alawe vinyo weniweni. Amuna anga anabwera nalo akumwetulira, akuganiza kuti apeza mankhwala a zonse. Ndinawauza kuti akangoyerekeza kupita nalo kwathu ndidzaliswera panjinga yawo. Kukawauza nkhalamba ija kachiwiri kuti chawo chinali chowola? Ndiye tinalitsegula tokha. Anandigwiritsa kopo kumwendo, anandionetsa mtundu wa njerwa uja m'mbali, anati ndinunkhize ndimve zipatso zouma ndi thabwa lakale. Ndinakana kununkhiza. Ndinamwa n'kumeza. Anali wowawa, womanga lilime ngati nthochi yosapsa. Mwina analidi wabwino, ine sindidziwa. Chimene ndinaganiza n'chakuti ngati wabwinoyo ndi ameneyu, kumeza woipa uja sikukanapha munthu.

Ndinatenga nthawi ndisanapite kwathu. Ndinkapeza zifukwa: mvula, mwana akumera mano, matope panjira. Chimanga chitayamba kukhwima ndinalephera kupirira, ndinabereka mwana n'kuyamba ulendo wapansi. Ndinafika masana dzuwa likuswa mtengo, kukhosi kuli gwa. Amayi anali kumunda. Atsibweni ndinawapeza pakhonde akusema goli.

Atandiona anaponya kasemasema pansi. "Eee, adona a ku posto! Mwatikumbuka ife a kutsindwi?" Anaseka, anandilanda mwana, anamuponya m'mwamba, anati wanenepa ngati mwana wa shefu, bwana wa ku posto. Anafunsa za amuna anga, anafunsa ngati simenti ndayizolowera. Mtima wanga unayamba kutsika. Mumtima ndinati amuna anga aja ananena zoona, zathadi, ndine ndinkangodziopseza.

"Ludzu, atsibweni," ndinatero, ndikulunjika m'nyumba kumene kunali mtsuko. Mtsuko umenewo ndinkatungamo kuyambira ndili wamfupi kuposa mtsukowo, osapempha munthu.

"Khala pansi, watopa. Ndikutungira."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zawo. Mwamuna wamkulu, mwini mbumba, kutungira madzi mwana wamkazi? Koma anandibwezera mwana n'kulowa. Ndinamva chivundikiro cha mtsuko chikuchotsedwa. Anatuluka ndi chikho chodzaza, naima patsogolo panga. Anachikweza n'kumwa, kholingo likukwera n'kutsika, maso ali pa ine. Anapukuta mlomo wa chikho ndi chikhatho, nandipatsa ndi manja awiri.

Anali madzi chabe, a pachitsime chathu chomwe chija. Ndinalandira nditagwada, ndipo ndinamwa onse.